Kalongonda wa M'khwawa la Kampani

Ine sinditaya pepala. Thiranki langa lachitsulo limakhala kuchipinda, pamwamba pa njerwa zinayi kuopa chinyontho. Muli makhadi a kusikelo a ana athu onse, kalata yondilemba ukalaliki pa esiteti ya tiyi, kalata yondipumitsa ntchito, ngakhale kapepala ka dzino limene anandizula kalekale. Anthu amandiseka, koma akayamba kukangana za chaka chimene tchalitchi chathu chinafoleredwa malata amathamangira kwa ine.

Lero ndatulutsamo mapepala awiri a chaka chija mvula inadula chimanga chikumasula. Loyamba ndi lokongola, lamitundumitundu, ndipo linatsala pang'ono kutigoneka ndi njala. Lachiwiri ndi kachidutswa kong'amba m'kope, mizere itatu yokha. Ndalemba nkhaniyi chifukwa a Nampinga, mnansi wanga amene ndi mlonda wa kampani, akhala akuifotokoza mokhotetsa pa bawo ndi pa maliro pomwe. Sindifuna adzukulu anga adzaimvere kwa iwo.

Novembala

Munda umene timalima ndi wa akazi anga, mayi a Esinati. Ine ndine mkamwini, ngakhale tsitsi langa layerera pamudzi pano. Mundawo ndi waung'ono, uli pamtsetse. Kumtunda kuli nyumba, kumunsi kuli mwala wopaka laimu wa malire, ndipo ukadutsa mwalawo walowa m'khwawa la kampani, mwa bulugama. Kutsidya ndi tiyi yekhayekha mpaka kumene maso alekezera.

Zaka zonse zimene ndinkakhala pa sikelo kuyeza tiyi wa otchola, munda unali m'manja mwa mayi, ndipo kunena zoona sunkandisangalatsa. Phando limodzi munkatuluka chimanga, nandolo ndi dzungu. Chisoso ndi bonongwe ankazisiya dala popalira. Kumunsi konse kunali kalongonda, nyemba zikuluzikulu zimene ife Alomwe timadya, zoyanga ngati zopenga, zofuna kuphikidwa tsiku lathunthu ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi zimakuzunguza mutu. Ndinkati ndikadzapuma ntchito ndidzaukonza munda umenewu.

Pepala lokongolalo ndinalandira pa msika wa kwa Goliati, kwa anyamata ogulitsa mbewu amene ankakuwa pa chimkuzamawu. Linali ndi chithunzi cha munda woyera ngati bwalo la ofesi. Pansi pake analemba kuti chilichonse chomera m'munda wa chimanga ndi mbala ya feteleza. Mawu amenewo ndinawadula mzere ndi cholembera chofiira.

"Mayi a Esinati, chaka chino tilima mwa sukulu," ndinatero.

Anayang'ana pepalalo mozondotsa, osati chifukwa sadziwa kuwerenga.

"Munthu wa pachithunziyu ndiwo amadya chiyani?"

"Amagula. Akakolola zambiri amagula."

"Chabwino, akalaliki."

Akandiitana kuti akalaliki ndiye kuti sanavomere. Tinabzala chimanga pa chingwe, mbewu imodzi pa phando. Koma m'mawa wina ndinawaona kumunsi ali ndi chipanda chawo chakuda, akubzala kalongonda m'mphepete mwa malire. Mbewu imeneyo anasiyirana kuchokera kwa agogo awo, amene anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki itamangidwa pa nsonga ya nsalu. Ndi ya mawangamawanga, yosiyana ndi yoyera imene ena amalima. Chaka chimenecho anankafumbwe anali ataiboola kwambiri, choncho yabwino yotsalayo anaibzala yonse. M'chipanda simunatsale ngakhale imodzi.

Januwale

Esinati, mwana wathu wokwatiwa kwa Mphuka, anachira mwana wamwamuna, ndipo mayi anapita kukadikirira masabata awiri. Munda unatsala kwa ine.

Ndinapalira ngati munthu wolipidwa. Chisoso, bonongwe, denje, luni, zonse ndinazula. Maungu amene anamera okha ndinadula. Nditafika kumunsi ndinapeza kalongonda wayamba kale kugwira chimanga cha mzere womaliza m'khosi. Ndinam'kumba ndi khasu, tsinde lililonse ndi dothi lake, n'kuponyera kuseri kwa mwala, m'khwawa. Mvula inali kuwaza, ine thukuta kamukamu, mtima uli mbee.

A Nampinga ankadutsa m'malire ndi chibonga chawo cha ulonda. Anaima n'kutsamira mtengo.

"Akalaliki, kukubwera alendo kodi? Mwasesatu."

"Uku ndiye kulima, a Nampinga. Kwanu kuja ndi kuweta tchire."

"Eya. Nanga eni munda mwawauza?"

Ndinapitiriza kukumba.

Mayi atabwerera anatula katundu, anamwa madzi, n'kutsetserekera kumunda. Ndinawatsatira ndikuyembekeza kuyamikiridwa. Anayenda mzere ndi mzere mpaka pa mwala wa malire. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Sanalalate, ndipo kukanakhala bwino akanalalata. Anakwera kunyumba, anatenga chipanda chija n'kukachikhazika pamwamba pa thiranki langa.

"Sungani," anatero. "Inu ndinu odziwa kusunga zinthu zosadyedwa."

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munatsala mawu a ntchito okhaokha. Madzi ali kubafa. Mbuzi mwamasula? Chipanda chinakhala pa thiranki, ndipo ndikafuna pepala ndinkayamba ndachisuntha.

Febuluwale

Mvula inadula chimanga chitangoyamba ngayaye. Sabata yoyamba tinati ikupuma. Yachiwiri masamba anapotana ngati anyezi. Yachitatu ngakhale tiyi wa kampani anasiya kuphukira, ndipo otchola aganyu ambiri anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Pamene otchola alibe ntchito, mandasi a pamsewu sagulidwa, telala sasoka, mudzi wonse umazizira.

Mphekesera zinachuluka. Ena ankati kukubwera chimanga chaulere, mayina alembedwa kale. Ena ankati mayinawo ndi a chaka chatha. Mtengo wa chimanga pa msika unkasintha pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndipo mbale yoyezera inkaoneka ngati ikuphwa. Anyamata a kuseri kwathu anawoloka kupita ku Mozambiki kukasaka ganyu. Mayi wina wa ku tchalitchi anazula chinangwa chake chisanakhwime, mizu ngati zala.

Chimene chinandipweteka ndi ichi. M'minda yonyansa ija, ya a Nampinga ndi ena, chimanga chinafa chimodzimodzi ndi changa, koma pansi pake panali pobiriwira. Maungu anaphimba dothi, nandolo anaima osatekeseka. Kwanga dothi linali gwaa, loyera, long'aluka, lofanana ndithu ndi pachithunzi. Ndinabwerera kwa Goliati ndi pepala langa kuti anyamata aja andifotokozere. Pamalo pawo ndinapeza munthu wogulitsa nsapato. Mpaka lero ndikawaona ndili nawo mawu.

Epulo

Mvula inabwerera mochedwa, yongokwanira kudzutsa udzu. Zokolola zathu zonse zinalowa m'matumba awiri osadzaza. Munthu aliyense wodziwa kuwerenga miyezi ankaona kuti ufa umenewo sufika Ogasiti.

M'mawa wina mayi anandiponyera dengu pamiyendo.

"Nyamukani. Masamba atsala ndi masabata atatu, akakhwima ndi kuuma basi. Mukufuna mudzatafune thiranki?"

Awa anali mawu ambiri kuposa onse amene anandiyankhula chiyambire Januwale. Ndinavala chipewa n'kunyamula dengu.

Ndinali ndisanadziwe kuti dziko limene ndayendamo moyo wanga wonse ndi lodzaza ndi ndiwo. Mayi ankayenda patsogolo, akuloza ndi phazi. Ichi ndi chisoso, tsinani nsonga zokha. Uyu ndi denje, amamera m'mbali mwa njira. Uyu ndi bonongwe, wa minga musiyeni. Uyu ndi limanda, wowawasa. Icho musakhudze. Ine ndinkafunsa kuti amadziwa bwanji, poti masamba onse ndi obiriwira.

"Inu mumadziwa bwanji siginecha yabodza?" anandibwezera.

Kwathu kuno ndiwo zomera zokha sitimanizana. Ukhoza kulowa m'munda mwa mnzako kukatchola chisoso bola upereke moni ndipo usakhudze chobzala. Koma nkhwani ndi khwanya ndi zobzala, zimafuna kupempha. Ndinaima pakhomo pa a Nampinga, ine kalaliki wa zaka zonse zija, dengu m'manja.

"Odi. Timati tipempheko nkhwani."

A Nampinga anatuluka akumanga lamba, nkhope yonse mano.

"Mayi, bweretsani mpando, kwabwera a sukulu! Akalaliki, mwati m'tchire mwathu muja?"

"M'munda mwanu, a Nampinga."

"Nenaninso, khutu ili limavuta."

Ndinanenanso. Anatitsegulira munda wonse, ndipo akazi awo anatiwonjezera mbewu ya kholowa ndi mitengo ya chinangwa. A Nampinga pakamwa ndi poipa, koma dzanja lawo ndi lotambasuka. Zimenezi ndalemba kuti asadzanene kuti ndinabisa.

Masabata atatu amenewo khonde lathu linasanduka fakitale. Masamba tinkawafutsa pang'ono m'madzi otentha, kuwafinya, kuwayanika pa mphasa mpaka aume kuti tswatswa, kenako mayi n'kuwakulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi, kupachika kudenga la khitchini kumene utsi umafika. Zimenezo ndiye zikwatu za mfutso. Ine ndinadula timapepala n'kumata pa chikwatu chilichonse: mtundu wa ndiwo, tsiku lofutsa, munda umene zinachokera. Mayi ankangonunkhiza n'kutchula zili mkati osayang'ana kapepala kanga. Sanalakwitsepo.

Kuseri kwa bafa, kumene madzi osamba amatsikira, tinatipula kadimba. Tinaokamo kholowa, mpiru ndi tomato. Madzi otsukira mbale sanatayidwenso pabwalo.

Koma masamba ndi ndiwo chabe. Sakhala m'mimba. Zaka zonse chimene chinkatiwolotsa miyezi yowawa chinali kalongonda, amene ukadya mbale imodzi m'mawa umafika madzulo. Zimenezi tonse tinkazidziwa, ndipo palibe ankazitchula.

Meyi

Tsiku lina chakumasana tikufuna denje womaliza m'malire, mayi anaima chilili, dzanja pakamwa. Ndinaganiza njoka.

"Bambo a Esinati, taonani uko."

M'khwawa, pa bulugama zinayi za kampani, panali chiyangoyango chobiriwira mpaka pamwamba, nyemba zili lendelende m'magulumagulu. Zitsinde zimene ndinaponya ndi dothi lake zinagwera pa chinyontho n'kugwira. Ng'amba imene inapha chimanga changa sinafike pansi pa khwawa.

"Ndi wanga," anatero mayi. "Ndi wa amayi anga."

Nyembazo zinali zanthete. Zinkafunika miyezi iwiri kuti zikhwime n'kukhala chakudya ndi mbewu. Tikanali chiimire, a Nampinga anatulukira, ndipo tsiku limenelo sanaseke.

"Musakondwere msanga. Lolemba likubwerali khwawa lonseli likutchetchedwa ndi kutenthedwa. Otchola tiyi akhala akudandaula chitedze pa njira yawo yodutsa kumunsiku. A manejala atsopano alamula."

"Koma uyu si chitedze!" anatero mayi.

"Inu mukudziwa. Achikwanje akapatsidwa malire sasankha."

Amene sanayabwidwepo ndi chitedze sangamvetse. Chimafanana ndi kalongonda masamba, maluwa ndi kayangidwe komwe, ngati mwana ndi msuweni wake. Koma ubweya wa nyemba zake ukakugwera, umavula zovala pagulu ngakhale pali apongozi.

Juni

Loweruka m'mawa ndinavala jekete ndi tayi. Ndinali nditalemba kalata ya masamba atatu, ndi ina yofanana nayo yosunga ine. Ndinatchulamo zaka zanga za ntchito, ndinamatako kalata yondipumitsa, ndi ina yondiyamikira chifukwa chosajomba. Mayi anandipatsa kanthu kokulunga m'tsamba la nthochi.

"Nyemba zitatu. A Nampinga agwetsa ndi ngowe, akuti iwo sagwira. Mukawaonetse."

A manejala anali mayi wachitsikana wochokera kumpoto, wa msinkhu wa Esinati. Anandipatsa mpando, anawerenga kalata yonse mpaka kumapeto, chinthu chimene mabwana ambiri sachita. A Nampinga anali ataima pakhomo.

"Bambo, kalata yanu ndi yomveka, ndipo ntchito munagwira," anatero. "Koma ine ndinapitako ndekha kukhwawako. Ndinaona ndi maso anga. Chitedze ndimachidziwa, chinandiyabwapo ndili ku pulayimale. Amayi otchola tiyi amadutsa pamenepo ndi ana kumbuyo. Ndiwauza chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za ndime yachiwiri ya kalata yanga. Anandimvera mwaulemu, koma dzanja lawo linali litayamba kale kukankhira kalatayo kumbali. Ndakhala m'maofesi, ndimadziwa pepala likafa.

Ndinamasula tsamba la nthochi pa tebulo. A manejala anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe.

"Bambo, chonde! Muno muli fani, ubweyawo uuluka ndi mphepo!"

Apa ndinene chilungamo. Nyemba zija zinali ndi ubweya, wotuwa, wonyezimira. Ine kalongonda ndinkamudziwa ali m'mbale. Pa mtengo ndinali ndisanamuyang'anitsitsepo, poti ndinkamuyesa chakudya cha anthu osaphunzira. Panalibe pepala lililonse padziko londitsimikizira kuti chili patsogolo pangachi si chitedze. Panali mawu a mayi a Esinati okha, a munthu amene anayang'ana ali patali n'kunena kuti ndi wanga.

Ndinamasula tayi, ndinamasula mabatani awiri, ndinatenga nyemba imodzi n'kuitikita m'khosi, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako pachifuwa. Yachiwiri ndinaitikita m'mikono.

"Mayo ine," anatero a manejala.

"Madamu, tsegulani chitseko chonse," anatero a Nampinga. "Akayamba kuvula athawire kunja. Thupi la akalaliki palibe analionapo."

Tonse maso anali pa wotchi ya pakhoma. Munthu ukamayembekeza kuyabwa, thupi lonse limanyerenyetsa lokha. Mphuno inandinyerenyetsa, msana unandinyerenyetsa, koma ndinagwira mawondo osakanda. Mphindi zisanu zinatha, kenako khumi. Khosi linali phee.

A manejala anatambasula chala n'kukhudza nyemba yachitatu, mwamantha ngati akukhudza mbaula. Ananunkhiza chalacho. Kenako anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ndiye mumadya zimenezi?"

"Akazi anga akaphika, madamu, mudzaiwala nyama."

Ananena kuti kumunsi kwa khwawa chitedze chenicheni chiliko ndithu, ndipo chimenecho chitchetchedwa. Sananame, chinaliko. Koma anang'amba pepala m'kope n'kulemba kuti mitengo imene mayi a Esinati amange nsalu isakhudzidwe mpaka nyemba zitakololedwa, ndipo banja lathu liloledwe kutola nkhuni zouma m'khwawamo zophikira. Anasaina. Mizere itatu. Kalata yanga ya masamba atatu anandibwezera, ndipo ilinso m'thiranki.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, mayi anang'amba chitenje chakale n'kumanga bulugama zinayi zija. Pobwerera anandiyang'ana m'khosi.

"Munatikitadi?"

"Funsani a Nampinga."

"Mukanayabwidwa?"

"Munati ndi wanu."

Pokwera mtunda anandilandira dengu.

Ogasiti

Chiperoni chitatha, nyemba zinada n'kuyamba kulira mphepo ikawomba. Tinakolola masiku anayi, ine ndi ngowe, mayi akutola. Ufa wa chimanga unali utatha sabata yapitayo.

Asanaphike ngakhale imodzi, mayi anakhala pa mphasa n'kusankha mbewu, zonenepa, za mawanga ooneka bwino. Anadzaza chipanda chija, anathiramo phulusa, anatseka ndi chitsononkho n'kumata. Kenako anabwera nacho kuchipinda.

"Tsegulani thiranki."

"Muli mapepala."

"Ndikudziwa. M'nyumba muno malo amene nankafumbwe sanalowepo ndi amenewa. Ndipo tamverani. Njala ikafika pa mnofu ndidzabwera kudzakupemphani. Musadzandipatse."

Ndinasuntha makalata a penshoni n'kuchikhazika pakona.

Mphika woyamba unawira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, madzi kutaya kanayi. Mbale yoyamba inapita kwa a Nampinga, amene anabweza uthenga woti mchere unachepa, koma mbale inabwera yotsukidwa ndi chala. Yachiwiri inapita kwa a manejala. Inabwerera ili ndi sopo ndi paketi ya mchere.

Okutobala

Uwu ndiwo unali mwezi woipa. Dzuwa linapsereza kadimba kathu, kunatsala kholowa yekha. Tinkadya kamodzi pa tsiku: kalongonda, kapena makaka a chinangwa, ndi mfutso. Zikwatu zinkatsika kudenga chimodzichimodzi, ndipo timapepala tanga tinagwira ntchito pomaliza, chifukwa tinkayamba ndi zakale. Esinati anabwera ndi khanda kuchokera kwa Mphuka, kumene zinthu zinali zoipa koposa, ndipo mkaka unali kuchepa. Kalongonda wodya anatha mwezi usanathe.

M'mawa wina mayi anaima pakhomo la kuchipinda, maso ali pansi.

"Bambo a Esinati, theka lokha. Mwanayu akuyamwitsa."

Ndakanapo anthu ambiri pa sikelo, koma kukana kumeneku kunali kwina. Kiyi anali m'thumba la malaya, ndinkamumva pachifuwa.

"Munandiuza nokha," ndinatero.

"Ndikudziwa zimene ndinanena."

"Mbuzi ilipo. Ipite mbuzi."

Mbuziyo inali yanga, yokhayo, yogula ndi ndalama zopumira ntchito, ndipo ndinkati ndi ya pa maliro anga. Ndinaikoka ndekha mpaka kumsika n'kubwera ndi makaka ndi nandolo pa njinga ya ganyu. Zinatifikitsa ku mvula, ku bowa ndi bonongwe watsopano. Khanda lija lero likuthamangitsa nkhuku pabwalo pano.

Novembala

Mvula yobzalira inagwa Lachinayi masana. M'mawa mwake ndinatsegula thiranki n'kutulutsa chipanda. Mayi anachotsa chitsononkho, anakhuthulira mbewu m'lichero n'kuzipeta. Panalibe yoboola ngakhale imodzi.

Tinatsetserekera kumunsi, ine ndi khasu, iwo ndi lichero. Chingwe ndinachisiya kunyumba. A Nampinga anali kale pa mwala wa malire, ngati anachita kuitanidwa.

"Akalaliki, lero mukulima mwa sukulu iti?"

"Ya aphunzitsi awa," ndinatero.

Ndinakumba phando loyamba. Mayi anaponyamo mbewu ziwiri, anakwirira ndi phazi, kenako anatapa zodzaza dzanja n'kundipatsa.

"Izi bwezerani m'thiranki. Mwina mudzapezanso pepala lina kumsika."

Ndinazibwezera. Zili m'envelopu, pakati pa pepala lokongola lija ndi kachidutswa ka mizere itatu. Chaka chilichonse mayi amazisintha ndi zatsopano, ndipo kiyi amakhalabe kwa ine.